Bokosi la Kompyuta Logula Padera: Musanadule Mawaya a Galimoto Yanu

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya zamagalimoto. Lero moni wapadera apite kwa amakaniko, madalaivala ndi makondakitala a ku Chileka, a pa Lunzu ndi a pa Lirangwe, inu amene mumakhalira kukwera ndi kutsika msewu wa M1. Nkhani yathu ndi ya kabokosi kolamulira injini, kamene m'magalaja mumati kompyuta bokosi kapena ECU. Alipo anthu amene amachotsa bokosi la kufakitale n'kuikapo logula padera, loti munthu n'kumalisintha ndi laputopu. Muno ndili ndi mmisiri wa zamagetsi a galimoto amene wakalambira pa ntchito imeneyi. Bambo, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo mayi, ndalandiridwa. Moni kwa omvera.

WOULUTSA: Tiyambe ndi ife osadziwa. Bokosili limagwira ntchito yanji?

MMISIRI: Injini ya petulo imafuna mpweya, mafuta ndi moto wa pa pulagi. Mpweya mumalamula ndinu ndi phazi lanu. Mafuta ndi moto kale inali ntchito ya kabuleta ndi disitiribyuta, lero ndi ya bokosili. Masensa amaliuza kuti injini ikuzungulira mwaliwiro lanji, mpweya ukulowa wochuluka bwanji, madzi atentha kufika pati. Ilo limagamula kuti injekita itseguke nthawi yaitali bwanji, ndiponso pulagi iyake nthawi iti. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mapulagi ake amayaka ka 100 pa sekondi, ndipo kuyaka kulikonse bokosi limakhala litawerengera. Si zachilendo ayi. Kampani ya Bosch inaika zoterezi mu Volkswagen 1600 m'chaka cha 1967, ndipo mu 1979 inatulutsa Motronic, yolamulira mafuta ndi moto m'bokosi limodzi, m'galimoto za BMW.

WOULUTSA: Ndiye tinene kuti wa Sienta yonyamula anthu pakati pa Lunzu ndi Lirangwe akagula bokosi la padera, galimoto yake isiya kumwa mafuta?

MMISIRI: Pamenepo ndikane msangamsanga, mayi, anthu asanataye ndalama m'madzi. Sienta, Probox, Vitz, Passo, Freed, bola injini yake ndi yomwe inabwera nayo ku Japan, musayerekeze. Bokosi la kufakitale analikonza akatswiri okhala ndi zipangizo zimene ife sitingazione n'komwe, analiyesa pozizira, potentha, m'mapiri ndi m'zigwa. Komanso pa galimoto za masiku ano bokosili silikhala lokha. Limalankhulana ndi giyabokosi, mabuleki a ABS, chiwongolero cha magetsi, dashibodi ndi kiyi, zonse kudzera pa mawaya awiri otchedwa CAN. Mukalichotsa, injini ikhoza kulira ndithu, koma giya ya CVT osagwira, chiwongolero gwa, dashibodi yonse mbuu ndi timagetsi tochenjeza.

Sienta ikayamba kumwa mafuta, kawirikawiri vuto limakhala lotsika mtengo. Fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi la m'misewu yathuyi, sensa ya mpweya yada, mapulagi atha, sensa ya pa ekizozi yafa. Ndipo pali khalidwe lina limene ndimalimbana nalo ndi anzanga tsiku ndi tsiku, lochotsa thermostat ati poti kuno n'kotentha. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, bokosi limaona ngati kudakali m'mawa, ndiye limangothira mafuta ochuluka. Mwini wake n'kumatukwana kompyuta, chonsecho yalakwa ndi sipanala.

WOULUTSA: Nanga oyenera kugula ndani?

MMISIRI: Amene wasintha injini mwa njira yoti bokosi lakale silingaimvetsenso. Chitsanzo chodziwika kuno kummwera kwa Africa ndi injini ya 1UZ, V8 ya malita 4 imene inayamba ndi Lexus LS400 mu 1989. Anthu amaiika mu Hilux yakale, mu Land Cruiser, ena m'minibasi. Injinizi nthawi zambiri zimafika mawaya atadulidwa ndi chikwanje, bokosi palibe, kapena lilipo koma likufuna kiyi wake amene anatsala ku Japan. Wina ndi amene waika turbo pa injini yomwe inalibe. Wina wachotsa kabuleta n'kuika mainjekita. Amenewa ndiwo eni nkhani ya lero.

Komabe ngakhale kwa iwo langizo langa loyamba n'lakuti, ngati injini simunaisinthe m'kati, yambani mwafunafuna bokosi lake lenileni, mawaya ake osadula ndi kiyi wake. N'chifukwa chake kugula half cut, kutsogolo konse kwa galimoto, kumaposa kugula injini yokhayokha. Zikakanika m'pamene muganize za logula padera.

WOULUTSA: Ndimamva ena akuti remap, ena piggyback, ena standalone. N'chimodzi?

MMISIRI: Ayi. Remap n'kusintha manambala m'bokosi la kufakitale lomwelo. Piggyback ndi kabokosi kowonjezera, kokhala pakati pa masensa ndi bokosi lakale, kamakhotetsa pang'ono uthenga umene ukudutsa. Kotchuka ndi Unichip ya kampani ya Dastek ya ku South Africa. A galimoto za dizilo zatsopano, monga Hilux D-4D, njira zawo ndi ziwiri zimenezi. Standalone ndiye bokosi loima palokha, lakale lija mumalichotseratu, ndipo ambiri mwa mabokosi amenewa ndi a injini za petulo.

Maina alipo ambiri. Ku South Africa kumachokera Spitronics, Dicktator ndi Gotech, amene abale athu a ku Joni amawadziwa bwino. Haltech ndi MoTeC ndi a ku Australia, Link ndi ya ku New Zealand, ECUMaster ya ku Poland, MaxxECU ya ku Sweden. Kulinso MegaSquirt, imene Bruce Bowling ndi Al Grippo anaitulutsa ku America mu 2001 kuti munthu azilumikiza yekha pakhomo, ndi Speeduino yogwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino. Ziwiri zimenezi ndimazikonda kwa achinyamata a ku MUBAS ndi a m'makoleji a ntchito zamanja, chifukwa zambiri za m'kati mwake zili poyera pa intaneti, munthu amaphunzirapo zenizeni.

WOULUTSA: Pa onsewa labwino ndi liti, bambo? Omvera akufuna dzina limodzi.

MMISIRI: Ha, mayi, mukufuna mundidanitse ndi ogulitsa! Labwino ndi limene munthu wodzakukonzeraniyo amalidziwa, ndipo ali pamtunda woti mukhoza kumufikira galimoto itazima pa Lirangwe usiku. Mupezeni munthuyo kaye, bokosi pambuyo. Bokosi lodula kwambiri lopanda wolidziwa limagonja kwa lotchipa limene mmisiri wake ali ku Ndirande. Ndalama zakunja n'zosowa, kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndiye kuitanitsa chinthu kawiri chifukwa choyamba chinali cholakwika si masewera. Safunsa anadya phula.

Mukamupeza munthuyo, khalani naye pansi pafupi ndi injini muwerenge zimene ili nazo. Choyamba ndi gudumu la mano la pa crankshaft, limene limauza bokosi pamene mapisitoni ali. Toyota zambiri zili ndi malo a mano 36 koma awiri palibe, timati 36-2. Volkswagen ndi BMW zambiri ndi 60-2, Ford 36-1. Ngakhale 1UZ yomweyo ili pawiri: yakale ili ndi mano 12 ndi madisitiribyuta awiri, pamene ya VVT-i, yoyambira mu 1997, ndi 36-2 ndipo pulagi iliyonse ili ndi koilo yake. Bokosi losadziwa mano a injini yanu silingailize, ngakhale mutapemphera. Kenaka werengani makoilo ndi mainjekita, muone ngati bokosi lili ndi mawaya okwanira onsewo. Yezani mainjekita ndi mita: ena amakhala ma ohm 12 mpaka 16, ena 2 mpaka 4, ndipo otsikawa amawotcha bokosi losakonzekera. Ngati throttle ndi ya magetsi, yopanda chingwe, mabokosi ambiri otchipa saikwanitsa. Ngati giyabokosi ndi ya otomatiki, ikufuna kabokosi kakekake. Ndipo a Noah ndi Voxy za injini ya D-4, komanso a Mitsubishi GDI, dziwani kuti injini zothira petulo mwachindunji m'silinda zimafuna bokosi lapadera lodula zedi. Wokuuzani kuti lotchipa ligwira akukunamizani.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za bokosi la kompyuta logula padera. Bambo, tagula, lafika. Kenaka?

MMISIRI: Kenaka mawaya, ndipo mavuto ochuluka amene anthu amanamizira bokosi amakhala pamenepa. Waya wa sensa ya crankshaft akhale wokutidwa uja, ndipo asayende limodzi ndi mawaya a makoilo kapena a alternator. Ma earth amangidwe pa injini penipeni, pachitsulo chopalidwa bwino. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, chonde, zimenezo zisiyeni. Msewu wa mabampu umamasula zonse. Ikani ma relay ndi mafyuzi. Bokosi likhale m'kati mwa galimoto, pokwera, kutali ndi kutentha kwa injini ndi madzi a dzinja. Mukafuna kuwotcherera chilichonse pa galimoto, lizuleni kaye. Pampu ya mafuta nayo muiyeze. Injini zambiri zoterezi zimafuna pulesha ya ma bar atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pampu yotopa palibe laputopu ingaichize.

WOULUTSA: Ogulitsa amati bokosi limabwera ndi mapu kale.

MMISIRI: Amabwera nawo, koma ndi ongolizira injini kuti ituluke m'galaja. Bokosi latsopano lili ngati kope la masamu logula kumene: timabokosi tojambulidwa tilipo, koma mayankho muyenera kulembamo nokha. Mapu ndi tebulo. Mbali ina ndi liwiro la injini, mbali ina ndi pulesha ya mpweya wolowa, imene timayeza mu kPa. Kabokosi kalikonse ka patebulopo kali ndi nambala ya mafuta, ndipo pa tebulo lachiwiri pali nambala ya taimingi ya moto.

Ntchito yoyamba si ya laputopu, ndi ya timing light. Mumauza bokosi kuti liime pa madigiri 10, n'kuwalitsa pa pule kuona ngati palidi 10. Laputopu ikamati 10 injini ili pa 18, manambala onse amene mulembe pambuyo pake ndi abodza. Yachiwiri ndi sensa ya wideband pa ekizozi, monga Bosch LSU 4.9. Sensa wamba imene imabwera ndi galimoto imangonena kuti mafuta achuluka kapena achepa, sinena kuti ndi angati. Munthu wofuna kukonza mapu ndi khutu, mphuno ndi mtundu wa pulagi basi, mulandeni kiyi.

Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta. Muyezo umenewo timautcha lambda 1, ndipo ndi wa poyenda mwa pang'onopang'ono. Mukaponda mpaka pansi pamafunika mafuta ochulukirapo kuti aziziritse m'silinda: lambda 0.85 mpaka 0.88 pa injini yopanda turbo, ndi cha m'ma 0.80 pa ya turbo. Mafuta akachepa pamenepo, pisitoni imasungunuka. Taimingi nayo ikapitirira, mumamva kaphokoso ka ngwe-ngwe-ngwe pokwera mtunda. Amenewo ndi mafuta akuphulika okha nthawi isanakwane, ndipo mathero ake ndi gasiketi kupsa kapena injini kunoka.

WOULUTSA: Ena amati bola kukakonzetsa ku Joni komweko, kumene kuli makina a dyno oyesera mphamvu ya injini, galimoto ibwere yothaitha.

MMISIRI: Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa a ku Chileka ndi a pa Lirangwe zikuwakhudza mwachindunji. Ntchito ya ku Joni ikhoza kukhala yabwino kwambiri, vuto ndi malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, pulesha yake ndi cha m'ma 82 kPa. Injini yopanda turbo singakoke mpweya woposa umene uli panja, ndiye ngakhale wokonzayo aponde mpaka phazi kuboola pansi, tebulo lija amalifika pa mzere wa 82 basi. Mizere ya 90, ya 95, ya 100 saiyesa n'komwe. Manambala amene alimo ndi ongoganizira.

Tsono bweretsani galimotoyo kwathu. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita 1,000 ndi kanthu, pulesha pafupifupi 90. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, pulesha cha m'ma 92. Mukapitirira Lirangwe kutsetserekera ku mlatho wa Zalewa pa Shire mumatsika pansi pa mamita 500, pulesha ifika cha m'ma 96. Mukatsika zitunda za Chikwawa kupita ku Nchalo muli pa 100. Ngakhale pobwera kuchokera ku Joni mumadutsa ku Tete, kotsika ndi kotentha kuja. Kutanthauza kuti injini yanu tsiku lililonse ikuyenda m'mizere imene palibe anaiyesapo. Mphamvu imachulukadi, pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse amene mwatsika, mwini wake n'kumasekerera kuti galimoto yalusa. Koma mpweya wochuluka umafuna taimingi yobwezedwa m'mbuyo. Ganizirani Hilux yodzaza matumba a chimanga, mwezi wa October dzuwa lili pamutu, ikuchoka pa Zalewa kukwera kulowera ku Lirangwe, dalaivala ali m'giya yaikulu phazi lili pansi. Kutentha, katundu, injini ikuzungulira pang'onopang'ono, taimingi ya ku Joni. Malo ophera injini ndi amenewo.

WOULUTSA: Mafuta athu nawo ali ndi mbali?

MMISIRI: Yaikulu. Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, itatsegulidwa fakitale ya Ethco ku Dwangwa, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amachokera ku zotsalira popanga shuga. Ubwino wake ngwakuti amathandiza kuti mafuta asaphulike msanga. Koma iye amapsa pa magawo 9 okha a mpweya, osati 14.7. Petulo akakhala ndi ethanol 10 pa 100, injini imafuna mafuta owonjezera pafupifupi 4 pa 100. Akakhala 20 pa 100, owonjezerawo ndi pafupifupi 8. Bokosi la kufakitale limadziwongolera lokha pomvera sensa ya pa ekizozi. Logula padera limatero pokhapokha mutalumikiza wideband ija kuti ikhalirepo, n'kutsegula closed loop, njira yoti bokosi lizidziwongolera pomvera sensayo. Mapu okonzedwa pa petulo wopanda ethanol, osawongoleredwa, kuno amathira mafuta operewera. N'chifukwa chake ndimati werengani lambda, osati 14.7, poti lambda 1 ndi lambda 1 kaya muthanki muli zotani.

Ndisabise, palinso mafuta a m'zigubu. Petulo akasowa tonse timadziwa kumene anthu amathamangira, ndipo ena osaopa Mulungu amathiramo parafini. Parafini amatsitsa octane, mphamvu ya mafuta yokana kuphulika msanga. Bokosi la kufakitale lili ndi knock sensor, likamva kaphokoso kaja limabweza taimingi lokha. Mabokosi ambiri otchipa alibe khutu limenelo. Ndiye wokonza wanzeru kuno amasiya mpata, amabweza madigiri awiri kapena atatu kuchoka pamene injini ikukoka kwambiri. Mumataya timphamvu pang'ono timene simungatimve n'komwe, injini n'kukhalitsa.

WOULUTSA: Kwa amene sangafike pa dyno, angakonzere pamsewu?

MMISIRI: Zimatheka, koma anthu akhale awiri: wina chiwongolero, wina laputopu. Woyendetsa maso pamsewu basi. Mapulogalamu ake, monga TunerStudio, amatha kusunga zonse zimene injini ikuchita, ndiye mumayenda, n'kuima pambali, n'kuwerenga, n'kusintha pang'ono. Simufunika liwiro. Mtunda wautali m'giya yachitatu umapatsa injini ntchito yokwanira popanda kuswa malamulo. Ndipo ndikupempheni anyamata: pa Lunzu ndi pa Lirangwe, makamaka tsiku la msika, pali akabaza, amayi a malonda m'mbali mwa msewu, ana a sukulu, mbuzi. Si malo oyesera V8. Msewu wa ku bwalo la ndege nawonso si wa mpikisano.

Yendani njira zimene galimotoyo izigwirira ntchito. Yambani m'tauni, tsikirani ku Zalewa, tsiku lina ku Chikwawa masana kukutentha, mutanyamula katundu. Musaiwalenso kulizira m'mawa wa mwezi wa June kukuzizira. Galimoto zambiri zokonzedwa mothamanga zimathamanga bwino masana koma m'mawa mpaka kukankha. Mukamaliza uzani wokonzayo akupatseni mapu anu pa flash, ndipo ngati waika password akuuzeni. Ena amatseka dala kuti muzibwerera kwa iwo okha. Mugwirizane zimenezi musanapereke ndalama.

WOULUTSA: Za malamulo, mwachidule, nthawi yatithera.

MMISIRI: Mukasintha injini, nambala yake yasintha, ndipo ya pa blue book siikugwirizananso ndi imene ili pa galimoto. Sungani malisiti ogulira injiniyo, pitani ku Road Traffic akasinthe m'kaundula, apo ayi mudzavutika pa COF ndi pa roadblock. A inshuwalansi nawo auzeni, chifukwa ngozi itachitika akhoza kukana kulipira galimoto imene inasinthidwa iwo osadziwa. Ndipo V8 pa mabuleki a injini yaing'ono ndi ngozi yoyenda. Mabuleki ndi matayala zikonzedwe injini isanalire.





WOULUTSA: Omvera, sabata yamawa tidzakamba za pampu ya mafuta ndi mafyuluta. Inu amene munasintha kale injini, mawa kukacha tsegulani boneti, yerekezani nambala ya pa injini ndi ya pa blue book, ndipo zikasiyana pitani ku Road Traffic sabata yomwe ino. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)